Tiwakonzekeretse madalaivala a mathiraki tisanawaimitse pamsewu

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi eni mathiraki, madalaivala awo, apolisi a pamsewu ndiponso akuluakulu a nthambi ya boma yoona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, imene tonsefe timangoitchula kuti Road Traffic. Ine ndine makaniko, ndipo ntchito yanga kuno ku Mangochi ndi yokonza malole ndi mathiraki. Pempho langa ndi lakuti chaka chilichonse pakhale masiku oikika, olengezedwa nthawi ikadalipo, oyendera galimoto zonyamula katundu pamsewu penipeni, ndipo masikuwo asanafike madalaivala ndi mabwana awo aphunzitsidwe zimene zidzayang'anidwe. Chimene chandilembetsa ndi chakuti galimoto zambiri zimene zimafika m'magalaja mwathu zimakhala ndi mapepala onse okwanira, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zili pagalasi, koma munthu ukalowa kunsi kwake umapeza zinthu zoti thiraki yoteroyo siyenera kudutsa pakati pa anthu ngakhale mtunda waufupi.

Amene sadziwa boma lathu angaganize kuti Mangochi ndi malo a nsomba ndi alendo okaona nyanja basi. Koma msewu wa M3, wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, umawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi pano paboma, n'kukwera mapiri a Chowe kulowera ku Namwera mpaka ku chipata cha Chiponde, kumene tachita malire ndi Mandimba m'dziko la Mozambique. Msewu wa M10 nawo umanyamula katundu wopita ku Monkey Bay ndi ku Golomoti. M'misewu imeneyi mumadutsa chimanga, feteleza, simenti, matabwa, mafuta a galimoto ndi usipa wouma, ndipo m'mbali mwake muli misika, masukulu, mizikiti ndi matchalitchi, komanso njinga zakapalasa ndi zamoto za kabaza zimene n'zosawerengeka. Thiraki yochokera ku Chiponde italemedwa imayenera kutsika mtsetse wa Chowe ndi makhotakhota ake onse isanafike pa mlatho, ndipo kutsidya kwa mlathowo kuli tawuni yodzaza ndi anthu. Pamalo otere, thiraki yopanda mabuleki odalirika imaika pachiswe moyo wa anthu amene sanakwere n'komwe.

Ganizo limene ndikuperekali si lachilendo padziko lapansi. Ku United States, Canada ndi Mexico kuli bungwe lotchedwa Commercial Vehicle Safety Alliance, limene kuyambira mu 1988 limachititsa ntchito yoyendera mathiraki ndi mabasi kwa maola 72 chaka chilichonse, yotchedwa International Roadcheck. Masiku ake amalengezedwa kudakali miyezi, ndipo amanenanso poyera mbali imene adzaikepo mtima kwambiri chaka chimenecho. Kuyendera kwawo kwathunthu kuli ndi magawo 37, okhudza dalaivala ndi galimoto yomwe, ndipo woyenderayo amalowa kunsi kwa thiraki ndi tochi ndi choyezera. Thiraki imene yapezeka bwino imamatidwa chizindikiro chogwira ntchito mpaka miyezi itatu, pamene yopezeka ndi vuto loopsa siloledwa kuchoka mpaka itakonzedwa. Mwachitsanzo, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a mabuleki ake lili ndi vuto, ulendo umathera pomwepo. Chaka ndi chaka mabuleki ndiwo amakhala pamwamba pa zifukwa zoimitsira galimoto. Sindikunena kuti titengere zonse za kumeneko, chifukwa misewu yathu, chuma chathu ndi chiwerengero cha oyendera athu n'zosiyana ndi zawo. Chimene ndikufuna titolepo ndi nzeru yolengeza ndi kuphunzitsa kaye, kuti cholinga chikhale galimoto zokonzedwa osati kuchuluka kwa chindapusa chotoleredwa.

Ndikhalitse pa mabuleki, chifukwa ndi pamene miyoyo imatayikira, ndiponso ndi pamene madalaivala ambiri sanaphunzitsidwe mokwanira. Thiraki yaikulu imaima ndi mphepo. Kompuresa imene imayendetsedwa ndi injini imadzaza mphepo m'mathanki, ndipo dalaivala akaponda buleki mphepoyo imakankha kandodo kachitsulo kamene kamatsegula nsapato za buleki kuti zikhuze m'kati mwa dilamu. Pamtsetse wautali, dalaivala akamangodalira phazi, dilamu imatentha n'kufutukuka, kotero kuti imatalikirana ndi nsapato zija, ndipo nazonso nsapatozo zikapsa zimaleka kugwira. Kandodo kaja kamayenera tsopano kuyenda mtunda wotalikirapo kuti kafike, ndipo ngati mabuleki anali osachunidwa bwino kuchokera kunyumba, kamafika pothera pake buleki isanagwire. Ndiye pamene timamva kuti mabuleki aduka. Kawirikawiri palibe chimene chaduka. Mabulekiwo anali ofooka kale pamalo athyathyathya, ndipo mtsetse wangoulula.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndikupempha kuti zitchulidwe mosabisa pa maphunziro alionse a madalaivala. Choyamba ndi kutsika mtsetse giya itachotsedwa pofuna kupulumutsa dizilo. Wochita zimenezi wataya thandizo lonse la injini pochepetsa liwiro, kompuresa yake ikupopa mphepo pang'onopang'ono chifukwa injini ikungolira motsika, ndipo liwiro likakwera giya ija imakana kulowanso. Lamulo la pamtsetse n'lakale ndipo silinasinthe: sankha giya yamphamvu udakali pamwamba, gwiritsa ntchito buleki ya injini, ndipo phazi lingothandizira. Chachiwiri ndi kutseka paipi ya mphepo yopita ku gudumu limene likutaya mphepo, poipinda kapena kuimanga ndi waya, kuti ulendo upitirire. Zimayamba ngati njira yongofikira pagalaja yapafupi, koma ndaonapo mathiraki amene ayenda choncho kwa miyezi, gudumu limodzi kapena awiri osagwira buleki konse, katundu ali wodzaza. Woyendera amene amangoyang'ana pagalasi sangazione zimenezi. Amaziona ndi amene wagwada n'kusuzumira kunsi.

Chosangalatsa n'chakuti kuyesa mabuleki a mphepo sikufuna makina odula, ndipo dalaivala aliyense akhoza kukuphunzira m'mawa umodzi. Adzaze mphepo mpaka kompuresa ileke kupopa, azimitse injini, galimoto itatsekeredwa bwino kuti isagubuduke, aponde buleki ndi kuigwira kwa mphindi imodzi akuyang'ana geji ndi kumvetsera. Muvi ukamatsika moonekeratu, penapake pakutuluka mphepo. Apope buleki mobwerezabwereza kuti aone ngati belu kapena nyali yochenjeza za kuchepa kwa mphepo ikugwira ntchito, pakuti ena amaidula dala chifukwa imawasokosa. Tsiku lililonse atsegule kampopi ka kunsi kwa mathanki kuti madzi otsalira atuluke, chifukwa madziwo amadya malo a mphepo ndi kuchititsa dzimbiri m'mavavu, ndipo akaona mafuta akutuluka limodzi ndi madziwo adziwe kuti kompuresa yatopa. Akakoka ngolo, aimange buleki n'kuyesa kukoka pang'ono, kuti atsimikize kuti yalumikizika bwino ndiponso kuti mabuleki ake akugwira. Zonsezi sizitha theka la ola.

Matayala nawo ali ndi nkhani yawo kuno kunyanja, kumene mu Okutobala ndi Novembala phula limatentha moti munthu sangapondepo wopanda nsapato. Tayala lochepa mphepo limapindikapindika likamayenda, limadzitenthetsa lokha, ndipo likalemedwa pa phula lotentha limaphulika. Kuligogoda ndi chitsulo kumangokuuza kuti silinaphwe. Mlingo weniweni umadziwika ndi geji, m'mawa tayala lisanayende. Dalaivala aphunzitsidwe kuwerenga manambala anayi a m'mbali mwa tayala amene amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019, popeza matayala ambiri a kaunjika amaoneka a mano abwino pamene mphira wake unakalamba kale. Tayala lomata kapena losemedwanso mano lisaikidwe kutsogolo, chifukwa la kutsogolo likaphulika chiwongolero chimalandidwa m'manja. Mizere ya dzimbiri yochokera pa manati a gudumu imasonyeza kuti manatiwo akhwefuka.

Za nyali sindichulukitsa, chifukwa aliyense woyenda usiku pakati pa Liwonde ndi Mangochi anakumanapo ndi thiraki yowonongeka itaima mumdima, chochenjeza chake chili nthambi za mitengo zoyalidwa pamsewu. Nthambi sizinyezimira, ndipo wanjinga yamoto amaziona atafika kale. Thiraki iliyonse ikhale ndi tizikwangwani tofiira ta makona atatu, chozimitsira moto chimene sichinathe mphamvu, nyali zonse zoyaka, ndi zonyezimira za kumbuyo ndi m'mbali zotsukidwa. Mapepala nawonso, laisensi yogwirizana ndi kukula kwa galimoto, chilolezo cha dalaivala wa ntchito, COF ndi inshuwalansi, akhale m'malo amodzi ndipo masiku ake othera adziwike. Mbali imeneyi madalaivala athu amaidziwa kale bwino, chifukwa ndi imene amafunsidwa tsiku ndi tsiku.

Kulemera kwa katundu kumakhudza mabuleki, matayala ndi msewu nthawi imodzi. Mayiko a m'chigawo chathu anagwirizana kuti thiraki ndi ngolo zake zisapitirire matani 56, ndipo ekiselo iliyonse, chitsulo cholumikiza magudumu a mbali ziwiri, ili ndi malire ake, n'chifukwa chake pali masikelo monga ya ku Balaka. Akatswiri a misewu anapeza kalekale kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Msewu wa Liwonde–Mangochi tinaudikira zaka zambiri uli wokumbikakumbika usanamangidwenso, ndipo matumba owonjezera amene mwini katundu amakakamiza kuti akwere ndi amene angatibwezere kumene tinachoka. Dalaivala ayenera kudziwa kugawa katundu kuti asaunjikane pa ekiselo imodzi, kumanga ndi malamba kapena matcheni olimba, ndi kuima atayenda pang'ono kuti akungenso, popeza matumba amakhazikika galimoto ikayamba kugwedezeka. Ndiyeneranso kutchula anthu okwera pamwamba pa katundu, makamaka panjira ya ku Makanjira. Ndikudziwa kuti amatero chifukwa galimoto zonyamula anthu n'zosowa ndipo msewuwo ndi wovuta, koma lole yotere ikagwa, maliro amakhala a mudzi wonse.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti ndicho chimake cha nkhaniyi. Tikanena zokonzekeretsa dalaivala, tisaiwale kuti dalaivala si mwini galimoto, ndipo sagula matayala kapena nsapato za mabuleki. Madalaivala ambiri amene ndimacheza nawo amadziwa bwino lomwe vuto la thiraki yawo. Amanena kwa bwana, ndipo yankho limakhala lakuti apite kaye ulendo uno, zikakonzedwa akabwerako. Akaumirira amakumbutsidwa kuti pageti pali anzawo ambiri ofuna ntchito. Akagwidwa pamsewu, chindapusa chimadulidwa pamalipiro awo, amene ndi ochepa kale. Dizilo amapatsidwa woyezeratu mosapatsa mpata, ndiye muzu wa kutsetsereka kopanda giya kuja. Munthu wopanikizidwa chotere akaimitsidwa saganiza zokonza galimoto. Amaganiza za kangachepe koti adutsire, ndipo vuto limapitirira ulendo limodzi naye mpaka pa mtsetse wotsatira. Kuphunzitsa dalaivala yekha, bwana wake osakhudzidwa, n'kumuwonjezera nkhawa popanda kumupatsa mphamvu yochitapo kanthu.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti thiraki iliyonse ikhale ndi buku lolembamo zovuta za galimoto. Dalaivala akayendera galimoto m'mawa alembe chimene wapeza ndi tsiku lake, ndipo mwini galimoto kapena woyang'anira wake asainire kuti waona. Woyendera pamsewu akapeza vuto limene linalembedwa kale m'bukumo koma silinakonzedwe, mlandu ndi chindapusa zipite kwa mwini galimoto, ndipo zilembedwe pa dzina lake m'makompyuta a Road Traffic, amene kale amasunga mbiri ya galimoto iliyonse ndi mwini wake. Vuto likakhala looneka ndi maso koma dalaivala sanalilembe, ameneyo ayankhe yekha. Buku la mtengo wochepa lotere lingateteze dalaivala wokhulupirika pa tsiku la ngozi, pamene aliyense amathamangira kunena kuti woyendetsa ndiye anali wosasamala. Lingatetezenso mwini galimoto wachilungamo kwa dalaivala amene amabisa zovuta kapena kugulitsa zipangizo panjira, pakuti oterowo aliponso ndipo sindikuwaikira kumbuyo.

Eni mathiraki adzanena kuti zipangizo zakwera mtengo, ndipo akunena zoona. Pafupifupi chilichonse chimene timaika pa thiraki chimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala limodzi lakhala katundu woti munthu aganize kawiri. Koma kulengeza masiku kudakali nthawi kumathandiza iwo omwe, chifukwa mwini mathiraki atatu akhoza kukonza imodzi mwezi uno, ina mwezi wamawa, m'malo modzidzimutsidwa. Ndipo ambiri mwa mavuto amene ndatchula, kuchuna mabuleki, kukhetsa madzi m'mathanki, kumanga manati, kusintha babu, amafuna nthawi ndi chidwi kuposa ndalama. Ena adzati mukalengeza, mathiraki oipitsitsa adzabisidwa pa masiku oyenderawo n'kutulukanso pambuyo pake. Ena adzaterodi. Koma thiraki yoimikidwa sipanga ndalama, kuyendera kwa masiku onse kosalengeza sikudzaleka, ndipo galimoto imene ilibe chizindikiro chosonyeza kuti inayenderedwa ndi imene apolisi adzayambe kuiimitsa sabata yotsatira.

Thupi la dalaivala liyenderedwenso monga galimoto yake. Tulo timapha mofanana ndi mowa, ndipo zakumwa zopatsa mphamvu zimene ambiri amadalira usiku zimangochedwetsa tulo popanda kutichotsa. Ku mayiko a European Union lamulo limati dalaivala wa thiraki apume mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo mwachizolowezi asapitirire maola 9 patsiku. Kwathu kuno munthu amachezera pamzere pachipata cha malire, kukacha n'kuuzidwa kuti katundu akufunika ku Blantyre tsiku lomwelo. Pa masiku okonzekera aja, achipatala abwere adzayeze maso, kuthamanga kwa magazi ndi shuga kwaulere kapena pamtengo wotsika, mwachinsinsi, ndipo cholinga chikhale kuthandiza munthu kupeza magalasi kapena mankhwala, osati kumuchotsetsa ntchito. Zikakhala zoopseza, odwala enieniwo sadzabwera.

Kukonzekeraku kuchitikire kumene madalaivala amapezeka: pachipata cha Chiponde pamene akudikira mapepala, m'malo oimikapo mathiraki paboma, ku Monkey Bay ndi ku Namwera. Kuchitike pa thiraki yeniyeni, wophunzitsa ndi ophunzira atagwada pansi limodzi, osati m'holo ya hotela ndi mapepala a Chingerezi. Chiyankhulo chikhale Chichewa ndi Chiyao, ndipo pachipata pakhale wina wodziwa Chipwitikizi chifukwa cha anzathu a ku Mozambique amene amayenda msewu womwewu. Mndandanda wa zimene zidzayang'anidwe usindikizidwe pa pepala limodzi lokhala ndi zithunzi, ugawidwe kwaulere, ndipo uwerengedwe pa wailesi za kuno monga Dzimwe ndi Radio Maria. Mabungwe a madalaivala ndi a eni mathiraki, monga Professional Drivers Union of Malawi ndi Road Transport Operators Association, akhale nawo kuyambira pokonza dongosolo, ndipo othandizira madalaivala asasiyidwe, chifukwa ndi iwo amene amamanga katundu, kusintha matayala, ndipo mawa ndi iwo adzagwire chiwongolero. Ife amakaniko tili okonzeka kuthandiza, ndipo achinyamata ophunzira umakaniko pansi pa TEVETA angapindule kwambiri atakhala nafe.

Kwa oyendera ndi apolisi, pempho langa ndi lakuti apatsidwe zida ndi malo oyenera. Munthu wovala yunifolomu yoyera, wopanda tochi, geji ya matayala kapena ovolosi, sangalowe kunsi kwa thiraki, ndipo sitingamudzudzule akangoyang'ana mapepala. Malo oyenderawo akhale otakasuka ndi olimba, kutali ndi khona, kuti mzere wa mathiraki usasanduke ngozi ina. Malo amodzi ofunika koposa ndi pamwamba pa mapiri a Chowe, thiraki isanayambe kutsika, chifukwa kupeza mabuleki ofooka pa mlatho ndi kupeza mochedwa. Woyendera amuonetse dalaivala vutolo ndi chala, amufotokozere kuopsa kwake, ndipo alembe pa pepala limene dalaivala akapereke kwa bwana wake. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo dalaivala amene waonetsedwa paipi yothetheka asanatsike mtsetse adzamuona woyenderayo motero. Thiraki yoletsedwa kupitirira ipatsidwe poima potetezeka, makaniko aloledwe kudzaikonzera pomwepo, ndipo ngati yanyamula zowonongeka msanga monga nsomba zaziwisi kapena tomato, mwini wake aloledwe kusamutsira katunduyo m'galimoto ina mosachedwa.

Nthawi imene ndikuiona yoyenera kuno ndi mwezi wa Seputembala, kutentha kwa Okutobala kusanafike pachimake, feteleza asanayambe kuyenda mochuluka, mvula isanagwe, ndiponso alendo a nyengo ya Khirisimasi asanadzaze msewu wa kunyanja. Masikuwo atalengezedwa mu Juni, eni galimoto angakhale ndi miyezi itatu yokonzekera. Zotsatira zake zidzalengezedwe poyera, kuti tidziwe mathiraki angati anayenderedwa, angati analetsedwa kupitirira ndiponso pa zifukwa ziti, kuti maphunziro a chaka chotsatira adzalunjike pa vuto limene lapezeka kwambiri. Ndikupempha khonsolo ya boma la Mangochi, apolisi ndi a Road Traffic kuti aitanitse msonkhano wa eni mathiraki, madalaivala ndi amakaniko a boma lino, kuti tiyesere dongosololi pa msewu wa Mangochi–Chiponde chaka chikubwerachi.

Ine wanu,
Makaniko wa mathiraki,
Mangochi